Kuonera mavidiyo a pa seva ya kunyumba muli kutali, netiweki ikatseka njira yolowera

Makomo ambiri kuno ku Tete ali ndi hard drive yodzaza: mavidiyo a chinkhoswe ndi ukwati, kwaya ya kutchalitchi, ingoma ya ku Angónia, zithunzi za ana kuyambira ali kumsana. Ena afika posonkhanitsa zonsezi pa kompyuta yakale n'kuisandutsa seva poikamo pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya Jellyfin kapena Plex, moti aliyense amene ali pa Wi-Fi ya pakhomo amangotsegula foni kapena TV n'kuonera. Mavuto amayamba munthu akatuluka pageti. Seva ili ku Ulongwe, inu muli pantchito ku Moatize, mwana ali pasukulu ku Beira, mlongo wanu ali ku Lilongwe, ndipo nonsenu foni ikukuuzani chinthu chimodzi: seva sikupezeka.

Malangizo amene anthu amayamba kukumana nawo ndi akuti lowani mu rauta, tsegulani port (chitseko cholowera chokhala ndi nambala) 8096 ya Jellyfin kapena 32400 ya Plex, ikani DDNS (dzina lotsata adiresi ya nyumba ikamasintha), basi mwatha. Malangizowo si abodza, koma analembedwera anthu amene nyumba yawo ili ndi adiresi yakeyake pa intaneti. Ambirife tilibe. Choncho m'malo molimbana ndi kutsegula njira yochokera kunja, tichititsa seva kuti iyo ikhale yoyamba kulankhula ndi kunja, foni nayonso ichite chimodzimodzi, awiriwo akumane. Njira yotuluka simatsekedwa, ndipo zonse zimene zili m'munsimu zatsamira pamenepo.

Chimene chikutseka njira

Chipangizo chilichonse pa intaneti chimafuna adiresi. Maadiresi a mtundu wakale, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu yapadziko lonse inagawa omaliza mu February 2011. Makampani a intaneti anayamba kuika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi. Dongosololi limatchedwa CGNAT.

Taganizirani nyumba za lendi zambiri mumpanda umodzi, geti limodzi, mlonda mmodzi. Mukatuma mwana kukagula shuga, mlonda amuona akutuluka ndipo pobwera amulowetsa, chifukwa akudziwa kuti ndi wa khomo liti. Koma mlendo akafika pageti n'kungoti "ndabwera kuno", mlonda sadziwa kuti amulozere khomo liti, ndiye amubweza. N'chifukwa chake YouTube ndi WhatsApp zimayenda bwinobwino, popeza ndinu mwayambitsa, koma foni yanu ikabwera kuchokera kunja kudzafuna seva imabwezedwa. Port imene munatsegula mu rauta ndi chitseko cha nyumba yanu. Geti ndi la kampani, ndipo makiyi ake mulibe.

Intaneti ya SIM khadi nthawi zambiri imayenda motere, kaya khadiyo ili mu foni kapena mu rauta, ndiye ngati pakhomo mumadalira Vodacom, Movitel kapena Tmcel yembekezerani zimenezi. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, imaikanso makasitomala a m'makomo kuseri kwa CGNAT.

Gawo loyamba: tsimikizani musanayambe kusintha zinthu

Muli pa Wi-Fi ya pakhomo, tsegulani browser n'kulemba adiresi ya rauta. Imalembedwa kunsi kwa rautayo. Kawirikawiri ndi 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Lowani, fufuzani pamene palembedwa WAN IP. Lembani nambalayo papepala. Kenako tsegulani tsamba la ifconfig.me, limene limakuonetsani adiresi imene dziko likuona mukamatuluka.

Nambala ziwirizi zikafanana, muli ndi adiresi yanuyanu ndipo port forwarding, kutsegula port kuja, ingagwire. Zikasiyana, yang'anitsitsani ya WAN ija. Ngati ikuyamba ndi 100 ndipo nambala yachiwiri ili pakati pa 64 ndi 127, imeneyo ndi CGNAT mosakayikitsa, chifukwa chigawo cha 100.64.0.0/10 chinapatulidwa mu 2012 kaamba ka ntchito yomweyi. Ikayamba ndi 10, kapena 172.16 mpaka 172.31, mwachionekere nkhani ndi yomweyo. Ikayamba ndi 192.168, onani kaye ngati mulibe marauta awiri olumikizana m'nyumbamo, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina yokonzeka pakhomo pomwepo.

Mukapeza kuti ndi CGNAT, bwererani mu rauta mufufute malamulo onse a port forwarding amene munaika. Sakuthandizani, ndipo tsiku lina mukadzasintha kampani angadzasiye seva yanu poyera inu osadziwa.

Gawo lachiwiri: seva iyambe yayenda bwino pakhomo

Pa foni yolumikizidwa ku Wi-Fi, tsegulani Jellyfin pa adiresi ya m'nyumba, monga http://192.168.1.20:8096, muonere vidiyo kwa mphindi zingapo. Ikamadukaduka muli pabalaza, kutali idzaipiraipira. Lumikizani seva ku rauta ndi chingwe ngati n'kotheka. Pa Windows sinthani za magetsi kuti kompyuta isamagone, ndipo ngati ndi laputopu muiuze kuti isachite kanthu chivundikiro chikatsekedwa. Akaunti iliyonse ya Jellyfin ikhale ndi pasiwedi.

Ndigwiritsa ntchito Jellyfin pofotokoza chifukwa ndi yaulere yonse ndipo sidalira akaunti ya kampani ina. Plex kuyambira mu April 2025 imafuna kuti mulipire Plex Pass kapena Remote Watch Pass kuti muonere mavidiyo anu muli kunja kwa nyumba, ndipo ikalephera kufika pa seva mwachindunji imadutsira pa makina a kampaniyo otchedwa relay, amene amachepetsa liwiro kwambiri, chithunzi n'kumaoneka chosweka. Kwa banja limene likuyamba kumene, sindiona chifukwa cholipirira zimenezo.

Gawo lachitatu: ikani Tailscale mbali zonse ziwiri

Tailscale ndi pulogalamu yomanga netiweki yachinsinsi pakati pa zipangizo zanu zokha. Pansi pake pali WireGuard, imene imabisa chilichonse chodutsa pakati pa foni ndi seva kuti wina asachiwerenge m'njira. Seva imalankhula ndi makina a Tailscale n'kunena kumene ili, foni imachitanso choncho, ndipo awiriwa akadziwitsidwa za mnzake amayamba kutumizirana nthawi imodzi. Mbali iliyonse CGNAT imaona ngati ndi yankho la zimene kasitomala wake wayambitsa, ndiye imalola. Dongosolo laulere la Tailscale limakwanira banja.

Pitani pa tailscale.com mutsegule akaunti. Safuna pasiwedi yatsopano. Mumalowa ndi akaunti ya Google, Microsoft, Apple kapena GitHub. Sankhani akaunti imene mudzakhala nayo zaka zambiri, osati ya kuntchito, ndipo muikepo chitetezo cha magawo awiri, chifukwa amene walowa mu akauntiyi walowa mu netiweki yanu yonse.

Pa seva ya Windows, tsitsani pulogalamuyo pa tsamba lawo, iikeni, lowani. Mukatero dinani kachizindikiro kake pafupi ndi wotchi, pitani pa Preferences, musankhe Run unattended. Izi zimachititsa kuti Tailscale iziyamba kompyuta ikangoyaka, ngakhale palibe amene walowa ndi pasiwedi. Mukaiwala pamenepa, magetsi akadzazima n'kubweranso seva idzayaka koma inu simudzaipeza.

Pa seva ya Linux, monga Ubuntu, Debian kapena Raspberry Pi OS, lembani mizere iwiri iyi:

curl -fsSL https://tailscale.com/install.sh | sh
sudo tailscale up

Mzere wachiwiri ukupatsani link. Itseguleni pa browser iliyonse n'kulowa ndi akaunti ija. Kenako lembani tailscale ip -4 kuti muone adiresi yatsopano ya seva. Idzayamba ndi 100, mwachitsanzo 100.101.102.103. Musadabwe kuti ikufanana ndi za CGNAT zija. Tailscale imatenga maadiresi ake m'chigawo chomwecho. Adiresi imeneyi sisintha, kaya rauta yazima, kaya mwachotsa SIM khadi ya kampani ina n'kuika ya ina, kaya mwasamutsa seva kuchoka ku Ulongwe kupita ku Furancungo.

Tsopano chinthu chimene ambiri amadumpha. Lowani pa login.tailscale.com, pitani pa Machines, pezani seva yanu, dinani timadontho titatu tili kumapeto kwa mzere wake, musankhe Disable key expiry. Kiyi ya chipangizo chilichonse imatha pakapita masiku 180, ndipo ikatha chipangizocho chimachoka pa netiweki mpaka wina alowenso ali pa chipangizocho. Pa foni palibe vuto, ili m'manja mwanu. Koma seva ili kumudzi inu muli ku Maputo, miyezi 6 ikadzakwana mudzasowa pogwira.

Pa foni, tsitsani Tailscale pa Play Store kapena App Store, lowani ndi akaunti yomweyo, muvomere ikapempha kukhazikitsa VPN. Mudzaona dzina la seva pamndandanda, lili ndi kadontho kobiriwira. Musaope kuti intaneti yanu yonse iyamba kudutsira kunyumba. Zopita ku seva zokha ndi zimene zimalowa mu Tailscale. WhatsApp, Facebook ndi M-Pesa zimayenda monga mwa masiku onse. Dziwani kuti foni imalola VPN imodzi panthawi, ndiye ngati pali ina muizimitse. Mafoni ena a Android amapha mapulogalamu pofuna kusunga batire, choncho lowani pa zosintha za batire muchotse Tailscale pamndandanda wa zophedwazo.

Gawo lachinayi: uzani Jellyfin kuti ilandire alendo a pa 100

Jellyfin imaona adiresi ya Tailscale ngati yochokera kunja kwa nyumba. Pa Dashboard, pitani pa Networking, mutsimikize kuti Allow remote connections to this server yasankhidwa. Pa Users, aliyense amene azionera ali kutali akhale ndi chilolezo chomwecho pa akaunti yake. Mawuwa asakuopseni: popeza palibe port yotsegulidwa ndipo muli kuseri kwa CGNAT, njira yokhayo yofikira pa seva kuchokera kunja ndi ya Tailscale.

Ena amalangiza kuti muike 100.64.0.0/10 pa LAN networks kuti Jellyfin izitenga foniyo ngati ili m'nyumba. Kuno kwathu ndikuti musatero. Ikaitenga ngati ya m'nyumba, malire a liwiro amene tiike m'gawo lachisanu ndi chimodzi sagwira, ndipo bandulo ya mwezi ingathe ndi vidiyo imodzi.

Tsopano zimitsani Wi-Fi pa foni, muyatse data. Mu pulogalamu ya Jellyfin onjezani seva yatsopano ndi adiresi iyi, mukuika nambala zanu:

http://100.101.102.103:8096

Tsamba lolowera likatuluka, njira yatseguka. Zoti ndi http yopanda s zisakudetseni nkhawa, chifukwa WireGuard yabisa kale zonse. Likakana kutuluka koma seva ikuoneka yobiriwira mu Tailscale, wolakwa nthawi zambiri ndi firewall ya seva, pulogalamu yotchinga zolowa. Pa Windows lolani Jellyfin mu Windows Defender Firewall. Pa Ubuntu yokhala ndi firewall ya ufw lembani:

sudo ufw allow in on tailscale0 to any port 8096

Onaninso mtundu wa bandulo imene mwagula. Bandulo ya WhatsApp ndi Facebook zokha siyendetsa Tailscale. Pamafunika data ya intaneti yonse, ku foni komanso ku rauta ya kunyumba.

Gawo lachisanu: onani njira imene vidiyo ikudutsa

Pano ndi pofunika kukhalitsa pang'ono, chifukwa ndi pamene pamasiyanitsa vidiyo yoyenda bwino ndi yoimaima. Foni ili pa data, pa seva lembani tailscale status kuti muone dzina la foniyo, kenako:

tailscale ping dzina-la-foni

Yankho likakhala ndi adiresi ndi nambala ya port motsatira mawu oti via, awiriwa akulankhulana mwachindunji ndipo liwiro ndi lonse limene netiweki yanu ingapereke. Mayankho oyamba akhoza kunena via DERP, kenako n'kusintha, zimenezo n'zabwinobwino. Koma akangokhalira via DERP(jnb) mpaka kumapeto, ndiye kuti awiriwa alephera kukumana ndipo akutumizirana kudzera pa makina a Tailscale a ku Johannesburg. Zinthu zimakhala zobisikabe, ndipo nyimbo ndi zithunzi zimayenda, koma vidiyo yochokera ku Ulongwe kupita ku Moatize yayamba yazungulira ku South Africa pa njira imene ogwiritsa ntchito ndi ambiri.

Izi zimachitika kwambiri mbali zonse ziwiri zikakhala pa CGNAT yolimba, ya mtundu umene umasintha nambala ya port pa malo alionse amene mwalankhula nawo. Lembani tailscale netcheck pa seva. Mzere wa MappingVariesByDestIP ukati true, netiweki ya kunyumba ndi ya mtundu wolimbawo. Onaninso mzere wa IPv6, maadiresi a mtundu watsopano. Ukasonyeza kuti ilipo, muli ndi mwayi, chifukwa IPv6 ilibe vuto la kuchepa kwa maadiresi ndipo Tailscale imaigwiritsa ntchito yokha mbali zonse zikakhala nayo. Starlink imapereka IPv6. Pa rauta ya SIM khadi, onani pa zosintha za APN ngati pali kusankha IPv4/IPv6 m'malo mwa IPv4 yokha. Zidzagwira pokhapokha kampaniyo ikamaipereka.

Chinanso chosavuta kuyesa ndi kusintha mbali imodzi. Ngati foni ili ndi ma SIM awiri, yesani data ya kampani inayo, kapena Wi-Fi ya kumene mukukhala, n'kubwereza tailscale ping. Mbali imodzi ikakhala yofewa, nthawi zambiri awiriwa amakumana. Zikakanikabe, chepetsani liwiro la vidiyo kapena pitani pa njira ya VPS imene ili kumunsi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: liwiro lokweza ndi data

Mukamaonera muli kutali, nyumba yanu ndi imene ikutumiza. Chofunika si liwiro lotsitsa limene makampani amalengeza, koma lokweza, limene pafupifupi nthawi zonse limakhala locheperapo. Pa seva tsegulani speedtest.net muone nambala ya upload. Yesani madzulo cha m'ma 7 kapena 8 koloko, pamene anthu a m'dera lonse ali pa mafoni, chifukwa ndi nthawi imene inunso mudzafune kuonera. Nambala ya m'mawa kwambiri idzakunamizani.

Kenako pa Dashboard ya Jellyfin pitani pa Playback, Streaming, muike Internet streaming bitrate limit. Ine ndimalangiza kuti isapitirire magawo awiri mwa atatu a upload imene mwapeza, kuti otsala pakhomo azithanso kuimba WhatsApp.

Masamu a data ndi awa. Vidiyo ya liwiro la 1 Mbps imadya 450 MB pa ola. Ya 2 Mbps imadya 900 MB, ya 4 Mbps 1.8 GB. Vidiyo ya ukwati ya maola atatu imene wojambula anakupatsani pa 8 Mbps ndi pafupifupi 10.8 GB, yomweyo ikatsitsidwa kufika pa 1.5 Mbps ndi pafupifupi 2 GB. Ndipo ngati kunyumba muli rauta ya bandulo, datayo ikudyeka kawiri: kunyumba potumiza, ndi pa foni polandira. Pa sikirini ya foni 480p imaoneka bwino ndithu, nkhope za anthu ndi nsalu za anamkungwi zonse zimazindikirika. Nyimbo ndi zopepuka: pa 128 kbps ola lathunthu la kwaya silifika 60 MB.

Jellyfin ikauzidwa kutumiza pa liwiro lochepa kuposa la fayilo, imayamba kuisintha vidiyoyo nthawi yomweyo mukuonera, ntchito imene imatchedwa transcoding. Ntchitoyi ndi yolemera. Raspberry Pi imavutika nayo, ndipo laputopu yakale imatentha fani n'kumalira. Ngati purosesa ndi ya Intel yokhala ndi Quick Sync, yatsani hardware acceleration pa Playback, Transcoding, ndipo katunduyo apepuka kwambiri.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi kukonzeratu fayilo yaing'ono. Tsitsani HandBrake, yomwe ndi yaulere, tsegulani vidiyo, sankhani Fast 480p30 kapena Fast 720p30, muisiye igwire ntchito usiku. Ikani mafayilo awiriwo mu foda imodzi m'laibulale ya Movies, maina awo akuyamba ndi dzina la foda ndendende:

Ukwati 2019/Ukwati 2019 - 1080p.mp4
Ukwati 2019/Ukwati 2019 - 480p.mp4

Jellyfin idzazionetsa ngati vidiyo imodzi yokhala ndi posankha. Pakhomo muzionera yaikulu pa TV, kutali muzisankha yaing'ono, ndipo seva imangoitumiza monga ilili popanda kutuluka thukuta. Ngati kampani yanu ili ndi bandulo yotchipa ya usiku, perekani chilolezo cha kutsitsa pa akaunti ya Jellyfin, mutsitse vidiyo usikuwo n'kuonera masana popanda data. Kwa nyimbo, pulogalamu ya Finamp imasunga nyimbo za pa Jellyfin mu foni.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: achibale ndi TV

Musapereke akaunti yanu ya Google kwa aliyense. Achimwene a ku Johannesburg kapena azakhali a ku Dedza atsegule akaunti yawo ya Tailscale. Inu pa Machines dinani timadontho titatu pa seva, musankhe Share, muwatumizire link. Akaivomera adzaona seva yokhayo, osati foni kapena laputopu yanu. Mu Jellyfin apangireni akaunti yawo yopanda mphamvu za admin, ndipo musankhe malaibulale amene angaone. Si zonse za pabanja zoyenera kuonedwa ndi aliyense. Mavidiyo a maliro kapena a mwambo wa m'banja angakhale m'laibulale yapadera ya anthu ochepa. Tsiku limene mwafuna kuletsa munthu, mumachotsa Share yake yokha, ena osakhudzidwa.

Pa TV zimatengera mtundu. Android TV, Google TV, Fire TV Stick ndi Apple TV zili ndi pulogalamu ya Tailscale, ndiye mumaika monga pa foni. Ma TV a Samsung ndi LG alibe. Kwa amenewa lumikizani kabokosi ka Android TV kapena laputopu pa HDMI. Kuponya vidiyo kuchokera pa foni kupita pa Chromecast sikugwira, chifukwa Chromecast imapita yokha kukatenga vidiyo ku seva, ndipo iyo sili mu netiweki yanu yachinsinsi.

Gawo lachisanu ndi chitatu: seva izidzuka yokha

Zonse takonzazi zimagwira ngati seva ndi rauta zayaka. Nyengo ya mvula magetsi amathima pafupipafupi, ndipo mayunitsi a magetsi a Credelec akatha usiku palibe wa kampani ya magetsi ya EDM amene angakuthandizeni. Laputopu yakale ili ndi ubwino pano chifukwa batire yake imaipirira kuzima kwa mphindi zingapo. Rauta igulireni kabatire ka UPS kakang'ono; onani kaye pa chaja yake ngati ndi ya 12V kapena 9V. Pa kompyuta ya padesiki lowani mu BIOS, zosintha zimene zimapezeka kompyuta ikamayaka kumene, pezani Restore on AC Power Loss kapena AC Recovery, muike pa Power On, kuti magetsi akabwera iziyaka popanda woidina.

Yesani musananyamuke ulendo. Zulani pulagi ya zonse, dikirani, bwezerani, osakhudza kanthu, ndipo pakatha mphindi zisanu tsegulani Jellyfin pa data ya foni. Hard drive ya USB nthawi zina imabwera ndi chilembo china pa Windows kapena simangidwa yokha pa Linux, Jellyfin n'kumaonetsa mayina a mavidiyo koma osawatsegula. Ndi bwino kuzipeza muli pomwepo.

Kutentha kwa mumzinda wa Tete mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, ndipo hard drive sigwirizana nako. Musaike seva m'kabati yotseka kapena pansi pa malata penipeni, ndipo musaifunditse nsalu yokongoletsa ija ya pa TV. Ikhale pamalo okwera podutsa mphepo. Ku Moatize fumbi limatseka mafani msanga, ndiye muzipukuta. Ku Angónia ndi Tsangano kumazizira, nkhawa yaikulu ndi ziphaliwali: mvula yamabingu ikayamba, kuzula pulagi n'kwanzeru. Mavidiyo a banja akhalenso pa hard drive yachiwiri yosungidwa nyumba ina, chifukwa seva si malo osungira zinthu mpaka kalekale.

Pakhomo pakhale munthu mmodzi wodziwa chochita. Matani kapepala pakhoma pafupi ndi seva, kolembedwa ndi zilembo zazikulu: "Amayi, nyali yobiriwira ikazima, dinani batani ili kamodzi, mudikire mphindi zisanu. Chingwe chabuluu musachotse." Bandulo ya rauta mukhoza kuigula muli kutali pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndiye sungani nambala ya SIM khadi ya rautayo mu foni yanu.

Tailscale ikapanda kukwanira

Pali zifukwa ziwiri zofunira njira ina: mwakakamira pa DERP ndipo vidiyo sikuyenda, kapena oonera ali ndi zipangizo zosalola Tailscale. Yankho la zonse ziwiri ndi VPS, kakompyuta kobwereka pa intaneti kokhala ndi adiresi yakeyake ya IPv4, kolipira mwezi ndi mwezi ndi khadi ya kubanki. Sankhani ya ku Johannesburg. Ya ku Ulaya italikitsa njira pachabe. Onani kuchuluka kwa data imene amalola pamwezi musanalipire.

Ikani Tailscale pa VPS ndi mizere iwiri ija. Popeza VPS sili kuseri kwa CGNAT, seva ya kunyumba imalumikizana nayo mwachindunji pafupifupi nthawi zonse. Gulani dzina la domain, mulilozetse ku adiresi ya VPS, ikani pulogalamu ya Caddy yolandira oonera n'kuwapatsira ku seva, ndipo mu Caddyfile mulembe:

kanema.example.com {
reverse_proxy 100.101.102.103:8096
}

Caddy imatenga yokha satifiketi ya https, bola port 80 ndi 443 zikhale zotsegula pa VPS. Mu Jellyfin, pa Networking, ikani adiresi ya Tailscale ya VPS pa Known proxies kuti izizindikira kumene oonera akuchokera. Tsopano aliyense akhoza kulemba dzinalo pa browser kapena pa TV n'kufika. Wofuna WireGuard yokha popanda Tailscale angatero: port yake yozolowereka ndi 51820 ya UDP, ndipo mbali ya kunyumba aike PersistentKeepalive = 25 kuti CGNAT isaiwale njirayo pakakhala bata.

Mtengo wa njira imeneyi si ndalama zokha. Tsamba lanu lolowera tsopano lili poyera, ndipo makina ofufuza zofooka adzalipeza. Mapasiwedi akhale aatali, akaunti ya admin ibisike pa tsamba lolowera ndipo muichotsere chilolezo cholowa kuchokera kunja, Jellyfin ndi VPS muzizikonzanso ndi ma update nthawi zonse. Ngati mulibe nthawi ya zimenezi, khalani pa Tailscale yokha n'kuchepetsa vidiyo.

Mudzamvanso za Cloudflare Tunnel. Imadutsa CGNAT bwino ndipo ndi yabwino pa masamba wamba, koma malamulo a Cloudflare amaletsa kugwiritsa ntchito netiweki yawo wamba potumiza mavidiyo ochuluka, ndiye pa seva ya mavidiyo sindiilangiza. Njira yotsala ndi kufunsa kampani yanu ngati imagulitsa adiresi ya public IP. Kumene imapezeka nthawi zambiri imakhala pa mapulani a mabizinesi, monga zilili ku Starlink. Pofunsa tchulani kuti mukufuna public IPv4 yolola zolowa kuchokera kunja, ndipo akakupatsani bwerezani kuyesa kwa m'gawo loyamba: WAN IP ya mu rauta ifanane ndi imene ifconfig.me ikuonetsa musanalipire mwezi wachiwiri.